Tsabola Wakale wa mu Dikoda

Ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri a ife timakhala nacho pafupi madzulo alionse pa tchuthi, koma dzina lake sitilidziwa. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo ife anyamata ndi atsikana a masiku ano mwambi umenewu tinaugwiritsitsa pa nkhani ya makina. Mnzathu akatulutsa foni ya zaka zinayi zapitazo timamuseka, ndipo iye mwini amaibisa m'thumba chifukwa cha manyazi. Komatu pali luso lina limene linakhazikitsidwa mu 1994 ndi 1995, tonsefe tisanabadwe, ndipo kufikira lero lino likunyamula zithunzi za wayilesi ya kanema kulowa m'nyumba mamiliyoni ambiri ku America, ku Japan ndi ku Britain, maiko amene sasowa ndalama zogulira zatsopano. Dzina lake ndi MPEG-2. Tsono chimene ndifuna kulongosola ndi ichi: nanga anthu olemera chotero akusungiranji chinthu chakale, pamene zoposa icho zinabwera kale?

Tiyambe ndi samu, pakuti popanda samu nkhaniyi siimveka. Chithunzi cha pa wayilesi ya kanema ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere, monga mapando a chimanga m'munda. Chithunzi wamba, chimene amisiri amachitcha SD, chili ndi mizere 576, ndipo mzere ulionse uli ndi timadontho 720. Mukachulukitsa mupeza timadontho 414,720. Kuti maso athu anyengedwe nkumaona ngati anthu akuyendadi, zithunzi 25 zimasinthana pa sekondi imodzi, kotero timadontho tonse pa sekondi ndi 10,368,000. Kadontho kalikonse kayenera kufotokozedwa kuwala kwake ndi mtundu wake, ndipo m'nyumba zojambulira kanema kufotokoza kumeneku kumadya mabiti 16. Biti ndiye chizindikiro chaching'ono koposa zonse m'chinenero cha kompyuta, ndicho 0 kapena 1. Chulukitsaninso, ndipo mupeza mabiti 165,888,000 pa sekondi imodzi yokha. Popeza mabiti 1,000,000 amatchedwa megabiti, tinene kuti megabiti 166.

Tsono msewu umene katundu ameneyu ayenera kudzeramo ndi wopapatiza. Njira imodzi ya mafunde a mumlengalenga, imene kale inkanyamula tchanelo imodzi ya analogi, imatha kunyamula megabiti pafupifupi 24 pa sekondi mwa kaulutsidwe ka DVB-T monga anayambira ku Britain, ndipo mwa kaulutsidwe katsopano ka DVB-T2 imafika pa megabiti 40. Taonani vuto lake. Tchanelo imodzi yokha ifuna 166, msewu ulola 24, ndiye kuti katundu wa ngolo zisanu ndi ziwiri akwere pa ngolo imodzi. Ndipo eni ake a masiteshoni safuna tchanelo imodzi pamsewupo iyayi, afuna zingapo. Chithunzi cha HD ndiye musanene, pakuti timadontho take, 1920 kuchulukitsa ndi 1080, ndi 2,073,600, ndiko kuti kasanu ndendende kuposa ta SD. Amene sakhulupirira atenge pensulo ayese.

Chotero zithunzi ziyenera kufinyidwa zisanatumizidwe. MPEG-2 imatenga megabiti 166 zija nkuzitsitsa kufika pa 4 kapena pafupi pamenepo, kutanthauza kuti pa magawo 40 alionse, magawo 39 satumizidwa konse. Ine ndikaganiza za ichi ndimakumbukira mfutso. Amayi amatenga dengu lodzaza ndi nkhwani kapena chitambe, nafutsa, nayanika padzuwa, ndipo zonse zija zimakwana m'chikwatu chimodzi chaching'ono. Chimene chachoka ndi madzi, ndipo madzi amabwezeredwa mu mphika tsiku lophika. Ndiwo zake zimakoma ndithu, koma palibe amene anganene kuti masamba aja abwerera monga analili m'dimba. Kufinya zithunzi kulinso chimodzimodzi: china chimatayika osabweranso, ndipo luso lonse lagona pa kusankha chotaya chimene diso silidzachifuna.

Choyamba kutayidwa ndi mtundu. Diso la munthu ndi lakuthwa posiyanitsa kuwala ndi mdima, koma pa mitundu ndi laulesi. Potero pa timadontho tinayi tilitonse toyandikana, makina amanena kuwala kwa tonse tinayi, koma mtundu amaunena kamodzi kokha. Pamenepo mabiti 16 aja atsika kale kufika pa 12, ndipo palibe woonera amene amadandaula.

Chachiwiri ndi chozama pang'ono. Chithunzi chimadulidwa m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndiko timadontho 64. M'malo motchula kadontho kalikonse pakokha, makina amafotokoza kabokosi konse mwa mtundu wina wa samu. Nambala yoyamba imanena kuwala kwa kabokosi konse pamodzi. Manambala otsatira amanena ngati kuwalako kukutsetsereka pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, kapena kuchokera kumwamba kupita kumunsi. Manambala akumapeto ndiwo amanena za timizere ndi timaanga tating'ono kwambiri. Tsono m'zithunzi zambiri manambala akumapetowa amakhala ochepetsetsa, ndipo makina amangowasandutsa 0, napereka uthenga waufupi wakuti otsala onse ndi 0. Kabokosi ka thambo lopanda mitambo kangathe kufotokozedwa ndi nambala imodzi m'malo mwa 64. Samu imeneyi imatchedwa DCT. Anaiganiza mu 1972 ndi Nasir Ahmed, wobadwira ku India, pamene anali pa Kansas State University ku America, ndipo anaisindikiza mu 1974 pamodzi ndi T. Natarajan ndi K. R. Rao. Zithunzi za JPEG zimene timatumizirana pa foni zimafinyidwa ndi samu yomweyi. Aphunzitsi athu a masamu akamatiuza kuti cosine idzatithandiza m'moyo, ena timayasamula, koma chilembo C m'dzina la DCT chikuimira cosine yemweyo.

Chachitatu ndicho chimene chimapulumutsa mabiti ochuluka koposa, ndipo ife a pasukulu tingachimve msanga. Mphunzitsi akalowa m'kalasi la ana 50 nafunsa mtsogoleri wa kalasi kuti ndani alipo lero, mtsogoleri wanzeru satchula maina 48. Iye amangoti, "Onse alipo monga dzulo, kupatula awiri amene apita kuchipatala." Momwemonso zithunzi 25 za m'sekondi imodzi zimafanana kwambiri. Woulutsa nkhani akakhala pampando, khoma la kumbuyo kwake silisintha, tebulo silisintha, chimene chikuyenda ndi milomo ndi maso basi. Choncho makina amatumiza chithunzi chathunthu kamodzi, chimene amachitcha I, ndipo pambuyo pake amangotumiza kusiyana kwake. Galimoto ikadutsa pachithunzi, saijambulanso iyayi, koma amauza dikoda kuti, "Tenga kabokosi kaja ka timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, ukasunthire kumanja mwakutimwakuti." Zithunzi zodalira cham'mbuyo zimatchedwa P. Palinso zina zotchedwa B zimene zimadalira cham'mbuyo ndi cham'tsogolo chomwe, ndipo chifukwa cha ichi zithunzi sizitumizidwa mu mndandanda umene timaziona; cham'tsogolo chimayamba kufika, dikoda nichisunga kufikira nthawi yake itakwana.

Kawirikawiri chithunzi cha I chimabwera kamodzi pa zithunzi 12, ndiko pafupifupi kawiri pa sekondi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene galasi limayamba lada kaye mukasintha tchanelo ndi rimoti. Dikoda yafika pakati pa nkhani, ikumva kuti "monga dzulo, kupatula awiri," koma za dzulo sizikudziwa, ndiye iyenera kudikira kaundula wathunthu. Mudzaonanso kuti pa mpira, kamera ikatembenuka msanga kutsata wosewera, udzu wa pabwalo umasanduka timabokosi. Pamenepo zonse zasintha nthawi imodzi, mabiti achepa, ndipo makina ataya manambala ambiri kuposa muyezo, kotero timabokosi tija taonekera poyera.

Amene anasonkhanitsa nzeru zimenezi kukhala pangano limodzi ndi gulu lotchedwa Moving Picture Experts Group, limene linayamba mu 1988 motsogozedwa ndi Leonardo Chiariglione wa ku Italy ndi Hiroshi Yasuda wa ku Japan. Ntchito yao yoyamba, MPEG-1, inatuluka mu 1993, ndipo ndiyo inali m'zimbale za VCD zimene makolo athu ankaonera. Yachiwiri ndiyo MPEG-2, imene inakonzedwa kuti iyenerane ndi wayilesi ya kanema. Anafuna kukonza MPEG-3 ya zithunzi za HD, koma anapeza kuti MPEG-2 ikutha kale ntchitoyo, ndipo anaileka. Chotero MP3 ya nyimbo si MPEG-3 monga ena amaganizira, koma ndi gawo lachitatu la kafinyidwe ka mawu mu MPEG-1. Zimbale za DVD zitatuluka mu 1996 zinatenga MPEG-2, ndipo DStv itayamba kuulutsa pa setilaiti mu 1995 inayambanso ndi yomweyo.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amenewa anachita mwanzeru, ndipo ine ndiyesa ndicho chinatalikitsa moyo wa MPEG-2 koposa china chilichonse. Pangano lao silinena m'mene makina ofinya ayenera kugwirira ntchito. Limangonena kalembedwe ka uthenga ndi m'mene dikoda iyenera kuuwerengera. Kuli ngati kugwirizana za chinenero ndi galamala yake, koma osamuuza mlembi mawu oti asankhe. Mlembi wongoyamba angathe kudzaza masamba awiri ndi nkhani imene katswiri angainene m'tsamba limodzi, ndipo wowerenga yemweyo adzamva onse awiri. Potero makampani opanga makina ofinya anapikisana chaka ndi chaka, makompyuta nakulirakulira mphamvu, ndipo tchanelo imene poyamba inkafuna mabiti ambiri inayamba kukwana ndi ochepa, chithunzi chili chabwino monga kale. Anaphunziranso kubwerekana: matchanelo okhala pa msewu umodzi amagawana mabiti sekondi ndi sekondi, kotero kuti tchanelo ya munthu wokhala pampando imabwereketsa mabiti ake kwa tchanelo ya mpira pa nthawi imene mpirawo wavuta. Zonsezi zinachitika ku siteshoni. Dikoda ya m'nyumba ya nkhalamba sinakhudzidwe ndi munthu, koma inalandira phindu lonse.

Ana a MPEG-2 anabwera ndithu. H.264, imene imatchedwanso MPEG-4 AVC, inatuluka mu 2003, ndipo imatha kupereka chithunzi chofanana ndi theka la mabiti kapena pafupi pamenepo. HEVC inatuluka mu 2013 ndi cholinga chodulanso pakati, ndipo VVC inatsatira mu 2020. Makampani a pa intaneti anakonza yaoyao yotchedwa AV1 mu 2018. Zonsezi zimagwiritsabe nzeru zitatu zija, koma mochenjera kwambiri. Mwachitsanzo HEVC imatha kutenga bokosi lalikulu la timadontho 64 m'litali ndi 64 m'lifupi pamene chithunzi chili chosalala, nilidula tizidutswa pamene pali zambiri. Palibe angatsutse kuti zatsopanozi zimafinya bwino koposa. Nanga bwanji yakale ija sinatayidwe kudzala?

Yankho lalikulu lili pa kusiyana kwa intaneti ndi mlongoti. Mukatsegula kanema pa YouTube, foni yanu ndi makompyuta a kampaniyo zimayamba zakambirana. Iwo amasunga kanema yemweyo m'mafinyidwe angapo, ndipo amakupatsani amene foni yanu ingathe kumasula. Mnzanu wa foni yakale amapatsidwa wina. Koma mlongoti wa siteshoni sufunsa munthu. Uli ngati mfumu yolankhula pabwalo: imalankhula kamodzi, m'chinenero chimodzi, ndipo amene sachimva wangotsala. Ndiponso luso lomasulira zithunzi m'mawayilesi a kanema ndi m'madikoda linaumbidwira m'kachipangizo ka m'kati mwenimweni, kotero simungathe kuliphunzitsa chinenero chatsopano monga timachitira poika pulogalamu ina pa foni. Tsiku limene siteshoni yasintha kafinyidwe, galasi lililonse losamva kafinyidwe katsopano limada bii. Foni anthu amasintha pakapita zaka zochepa, koma wayilesi ya kanema imakhala pabalaza zaka khumi ndi kupitirira. Ndipo tifunse: ndani amene amakhala ndi yakalekale? Si mwini sitolo wa mumzinda iyayi, koma nkhalamba, amasiye ndi osauka, anthu amene alibe intaneti, amene nkhani za dziko ndi machenjezo a namondwe amazimvera pomwepo.

Dziko la America linalawa kale kuwawa kwa kusintha. Linasankha njira yake ya dijito, yotchedwa ATSC, mu 1996, ndipo njirayo imanyamula megabiti 19.39 za MPEG-2. Pofuna kuzimitsa analogi, boma linayenera kupereka makuponi a madola 40, awiri pa banja lililonse lopempha, kuti anthu agulire madikoda. Ngakhale zinali chotero, tsiku lozimitsa linasunthidwa kuchoka pa 17 Febuluwale kufika pa 12 Juni 2009, pakuti mabanja ambiri anali asanakonzeke. Tsono njira yatsopano ya ATSC 3.0, yogwiritsa HEVC, itabwera, bungwe loyang'anira mafunde la FCC linailoleza mu Novembala 2017, koma silinakakamize munthu, ndipo linalamula kuti siteshoni yoyamba njira yatsopano ipitirize kuulutsanso m'njira yakale, chifukwa mawayilesi akale samva ATSC 3.0 ngakhale pang'ono. Ku Japan kuulutsa kwa dijito kwa pa mlongoti kunayamba mu Disembala 2003 ku Tokyo, Osaka ndi Nagoya, chaka chomwecho chimene H.264 inabadwa, koma mapulani anali atapangidwa kale pa MPEG-2, ndipo kufikira lero matchanelo ao a HD a pa mlongoti akuyendera yomweyo. HEVC anaiika pa matchanelo atsopano a 4K ndi 8K a pa setilaiti amene anayamba mu Disembala 2018. Ku Britain nakonso anachita mofanana: Freeview inayamba mu 2002 ndi MPEG-2, ndipo HD itabwera mu 2009 anaipatsa msewu wakewake wa DVB-T2 ndi H.264, matchanelo wamba nawasiya m'chinenero chao chakale.

Chifukwa china ndi cha ndalama za eni luso. Munthu akatulukira luso latsopano amalembetsa patenti, ndipo kwa zaka 20 aliyense wofuna kuligwiritsa ayenera kumulipira. MPEG-2 inali ndi mapatenti mazanamazana a makampani osiyanasiyana, koma ambiri anawasonkhanitsa pa khomo limodzi lotchedwa MPEG LA, kumene wopanga madikoda ankalipira kamodzi. Panali nthawi imene mtengo wake unali madola 2.50 pa dikoda iliyonse. Mu Febuluwale 2018 patenti yomaliza ya MPEG-2 ku America inatha mphamvu, ndipo luso lija linasanduka ngati chitsime cha mudzi. HEVC ndiye inakumana ndi tsoka. Eni mapatenti ake sanagwirizane, nagawikana m'magulu: MPEG LA, HEVC Advance mu 2015, Velos Media mu 2017, ndi ena amene anakana kulowa gulu lililonse. Wopanga makina sankadziwa kuti alipira angati ndiponso kwa yani, ndipo chisokonezo chimenechi ndicho china chimene chinachititsa makampani a pa intaneti kukonza AV1. Mu 2023 kampani ya LG, imene inathandiza nao kukonza ATSC 3.0, inalengeza kuti mawayilesi ake a kanema a 2024 ogulitsidwa ku America sadzakhala ndi chomvera ATSC 3.0, italuza mlandu wa patenti kukhoti. Walira mvula walira matope.

Tisaiwalenso kuti kufinya kochenjera kumafuna ntchito yambiri. Makina ofinya HEVC amayesa njira zochuluka pa bokosi lililonse asanasankhe imodzi, ndipo zimenezi zimadya nthawi ndi magetsi, pamene MPEG-2 ngakhale kachipangizo kotchipa kamaimasula kosatuluka thukuta. Amisiri aigwira zaka 30, zilema zake zonse akuzidziwa, ndipo chikaonongeka china usiku pakati pa pulogalamu, amadziwa poyambira kufufuza.

M'kati mwa masiteshoni momwemo MPEG-2 ili ndi ntchito ina imene woonera saiona. Kumeneko msewu si wopapatiza, kotero safinya kwambiri. Makamera a Sony a mtundu wa XDCAM HD422 amajambula mu MPEG-2 pa megabiti 50, ndipo masiteshoni ambiri anasunga nkhani ndi mapulogalamu a zaka zambiri m'kalembedwe kameneka. Wina angati, bwanji osazifinyanso zonsezo m'njira yatsopano kuti malo osungira achepe? Pano tikumbukire mfutso uja. Chimene chafinyidwa kale chikamasulidwa nkufinyidwanso, chimatayanso kena. Tonsefe tidziwa chimene chimachitika munthu akakopera notsi kwa mnzake, amene anakoperanso kwa mnzake wina: pofika kope lachinayi, Zomba wasanduka Zambia. Wosunga mbiri wanzeru amasiya choyambirira monga chilili, ndipo chifukwa cha ichi makina omasula MPEG-2 adzafunikabe ngakhale tsiku limene mlongoti womaliza udzaleke kuiulutsa.

Ndiponso MPEG-2 si kafinyidwe ka zithunzi kokha. Gawo lake loyamba limanena za kapakiridwe ka katundu paulendo. Zithunzi, mawu, maina a matchanelo ndi nthawi ya mapulogalamu zimadulidwa m'timaphukusi tofanana, kalikonse ka mabaiti 188, baiti imodzi kukhala mabiti 8, ndipo kaphukusi kalikonse kali ndi nambala yosonyeza mwini wake. Timaphukusi tinachepa dala, kuti kamodzi kakaonongeka ndi mphezi kapena mvula, dikoda itaye komweko nigwire kotsatira. Maiko a DVB amene anasiya kufinya ndi MPEG-2 akutumizabe H.264 ndi HEVC yao m'timaphukusi tomweti. Ufa ndi watsopano, koma thumba ndi lomwe lija la 1995.

Komabe ndisakunamizeni kuti chakale chilibe mtengo wake. Mafunde a mumlengalenga ndi ochepa monga minda ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo makampani a mafoni amawafuna kwambiri. Tchanelo yofinyidwa mwachikale imadya malo a matchanelo awiri. Dziko la France linagulitsa mafunde a 700 MHz kwa makampani a mafoni mu 2015 pa mayuro pafupifupi 2.8 biliyoni, ndipo kuti matchanelo onse akwane m'malo otsala, usiku wa pa 5 Epulo 2016 linazimitsa MPEG-2 pa milongoti yake nkusamukira ku H.264. Germany inalumpha nkupita ku HEVC pa mlongoti kuyambira pa 29 Malichi 2017, ndipo Italy inasiya MPEG-2 mu Disembala 2022. Koma taonani kudekha kwao pamene anthu anali ambiri. Bungwe la ARD ku Germany linayamba kuulutsa HD pa setilaiti mu 2010, koma matchanelo ake a SD linawazimitsa pa 7 Januwale 2025. Kwa zaka pafupifupi 15 linkalipira misewu iwiri ya pulogalamu imodzi, kudikira kuti mawayilesi akale athe okha m'nyumba za anthu. Kwa ine, dziko limene lichita bwino ndi limene liyamba lawerenga nyumba zimene zidzatsale mu mdima, lisanawerenge mabiti amene lidzapulumutse.

Nanga ife kuno kwathu? Wayilesi ya kanema inafika mochedwa, pakuti Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo pa nkhani iyi kuchedwako kunatipindulira. Pangano la ku Geneva la 2006 linaika tsiku la 17 Juni 2015 kuti maiko a chigawo chathu akhale atasamukira ku dijito. Nduna za maiko a SADC zitakumana ku Lusaka mu Novembala 2010 zinasankha DVB-T2 pamodzi ndi MPEG-4, pakuti kunalibe mamiliyoni a madikoda a MPEG-2 a pa mlongoti oti nkuwadera nkhawa. Madikoda a Kiliye Kiliye ndi a GOtv amayendera DVB-T2 yomweyo. Koma tisadzitame msanga. H.264 ndi ya 2003, yapitirira zaka 20, ndipo kwa anthu a VVC ndi nkhalamba kale. Tsabola wakale wathu ndi ameneyo. Ambiri a mapatenti ake atha kapena ali pafupi kutha, madikoda ake ndi otchipa, ndipo mabanja anawagula ndi ndalama za fodya, za mtedza ndi za ganyu. Tsiku lina munthu adzaimirira nkunena kuti tisamukire ku kafinyidwe katsopano kuti tione mpira mu 4K, ndipo ena a ife amene tikuwerenga magazini ino tidzakhala m'maofesi oyankha. Funso limene anakumana nalo a ku America mu 2009 lidzakhala patebulo pathu.

Pakali pano pali kanthu kamene mungathandize nako makolo pa tchuthi. Mawayilesi a kanema ogwiritsidwapo kale ntchito amabwera kuchokera kunja, ndipo wogulitsa amaloza mawu akuti "digital" pa bokosi ngati umboni wakuti simudzafuna dikoda. Yang'anani kumbuyo kapena m'kabuku kake. Ya ku Britain yolembedwa DVB-T yokha, popanda 2 kumapeto, siingamve mafunde a DVB-T2, ndipo ya ku America ya ATSC kapena ya ku Japan ya ISDB-T ndiye ili kutalitali. Sikuti yaonongeka iyayi. Igwira ntchito ngati galasi chabe, kumasula kuchitike m'dikoda. Ngati ili ndi polowera HDMI, lumikizani pamenepo kuti chithunzi chifike chili cha dijito. Ngati ndi ija yamsana waukulu ya agogo, mudzagwiritsa nthambo zitatu, yofiira ndi yoyera za mawu, ndi yachikasu ya zithunzi. M'nthambo yachikasuyo dikoda imasandutsa zithunzi kubwerera ku analogi ya PAL, njira imene Walter Bruch anakonza ku Germany, ndipo inayamba kuulutsidwa mu 1967.